Ntchito yoyeza madzi amene mtengo umamwa

Pa madzi onse amene mizu imayamwa m'nthaka, oposa 95 pa 100 aliwonse satsalira mumtengo. Amakwera m'thunthu n'kutuluka ngati nthunzi kudzera m'timabowo ta pamasamba. Wofufuza amene akufuna kudziwa madzi omwe nkhalango ikumwa, kapena chifukwa chimene mitengo ina imafera pa chilala inzake ikupirira, ayenera kuwayeza madziwo akadali paulendo.

Njira yofala ndi imene André Granier wa ku France anafalitsa mu 1985. Amabaya m'thunthu singano ziwiri zotalika masentimita 2, ina pamwamba pa inzake, motalikirana masentimita pafupifupi 10. Yapamwamba imatenthetsedwa mosalekeza ndi magetsi a batire, yapansi ayi. Masana madzi akamathamanga amaziziritsa yotenthayo, choncho kusiyana kwa kutentha kwa ziwirizi kumachepa. Usiku madzi akaima, kumakula, ndipo manambala a masana amayerekezedwa ndi a usikuwo. Kachipangizo kamalemba manambalawa mphindi 10 kapena 30 zilizonse.

Apa m'pamene ambiri amapunthwa. Madzi amayenda m'chigawo chakunja cha thunthu, kunsi kwa khungwa. Pakati pa mtengo wokhwima sipadutsa madzi. Singano ikafika pakatipo, muyeso wa madzi umatsika ngati kuti mtengo ukumwa pang'ono. N'chifukwa chake muyenera kuyamba mwaboola thunthu n'kutulutsa kachidutswa, muone pamene chigawo chonyowacho chathera. Dzuwa nalo likawomba pa singano limasokoneza muyeso, ndiye malowo amakutidwa ndi chophimba chonyezimira. Vuto lobisika kwambiri ndi usiku wa mphepo youma: mtengo umapitirizabe kutaya madzi, ndipo mukawerenga usikuwo ngati wa madzi oima, zotsatira za tsiku lonse zimapotoka. Komanso bala la singano limauma pakapita miyezi, madzi n'kuyamba kulilambalala.

Wofuna ntchitoyi amayamba ndi digiri ya zankhalango kapena ya sayansi ya zomera, kenako masters, kenako PhD ya zaka zitatu mpaka zisanu. Asanyoze fizikisi ndi masamu, ndipo aphunzire msanga pulogalamu ya pakompyuta yowerengetsera manambala yotchedwa R, poti mitengo khumi yokha imatulutsa manambala zikwi mazanamazana pa chaka. Azolowerenso kulawirira. Ludzu lenileni la mtengo limayezedwa kusanache: tsamba limathyoledwa, n'kuikidwa m'kabotolo kachitsulo kamene Per Scholander anafalitsa mu 1965, n'kupanikizidwa ndi mpweya mpaka kadontho kaoneke pa phesi. Mpweya ukafunika wambiri, ndiye kuti nthaka yozungulira mizu yauma.