Namgumi wa orca akapha munthu, kumubwezera kunyanja sikuthandiza

Tilikum, namgumi wa mtundu wa orca, atapha womuphunzitsa ku SeaWorld, malo oonetserako nyama za m'nyanja mumzinda wa Orlando ku America, mu 2010, ambiri ankati angomubwezera kunyanja basi. Si nkhani yophweka choncho. Anamugwira ali mwana kufupi ndi Iceland mu 1983, ndiye anakula akudyetsedwa pamanja, wopanda gulu loti lingamulandire. Anamgumi osungidwawa amatha mano poluma zitsulo ndi simenti, moti ena amabooledwa mano n'kumatsukidwa tsiku lililonse kuti asatukusire. Nanga kunyanjako angawatsuke ndani? Keiko, namgumi wina wa orca amene ankasungidwanso ndi anthu, anamasulidwa, koma ankangolondola anthu mpaka anafera ku Norway mu 2003.

Chothandiza n'kuletsa owaphunzitsa kulowa nawo m'madzi, n'kuika chotchinga pakati pawo. Mu 2016 SeaWorld inasiyanso kuwaberekanitsa.