Ndalama ya mwezi ndi mwezi kwa nzika iliyonse: ubwino wake uli pa kusasankha

Ganizoli ndi loti boma lizipereka ndalama yofanana kwa munthu aliyense mwezi uliwonse, wolemera ndi wosauka yemwe, osafunsa ngati ali pa ntchito, osamuuzanso choti agule nayo. Ambiri akamva koyamba amadabwa kuti wolemera alandiriranji. Yankho ndi loti iye amabweza zambiri kudzera mu msonkho, ndipo kumuphatikiza m'gulu la olandira kumachotsa mavuto aakulu omwe amabwera ndi kusankha.

Thandizo lopita kwa osauka okha limafuna kalembera, ndipo kaundula amakalamba msanga. Banja lomwe linali bwino pa tsiku lolemba mayina litha kugwa m'mavuto miyezi itatu yotsatira, mwini ntchito akatseka kampani kapena wopezera banja chakudya akadwala, koma dzina lake silili pa mndandanda. Pamene pali kusankha pamabweranso kukondera ndi ziphuphu, poti wolemba mayina ndiye amagwira chitseko. Choipitsitsa n'chakuti wolandira akapeza ntchito ya malipiro ochepa, thandizo limadulidwa, choncho munthu wanzeru amaona kuti kukana ntchitoyo n'kwabwino. Ndalama yopita kwa onse siidulidwa munthu akayamba kupeza zake.

Nkhawa yoti anthu adzachita ulesi yayesedwa kangapo. Dziko la Finland linapatsa anthu 2,000 osagwira ntchito mayuro 560 pa mwezi mu 2017 ndi 2018. Sanagwire ntchito mochepa poyerekeza ndi anzawo omwe sanalandire, ndipo ananena kuti nkhawa zawo zinachepa. Ku Alaska, chigawo cha dziko la America, anthu akhala akugawana phindu la thumba la ndalama za mafuta chaka chilichonse kuyambira 1982, ndipo kafukufuku sanapeze kuti chiwerengero cha ogwira ntchito chinatsika. Ku Kenya bungwe la GiveDirectly likutumiza madola pafupifupi 22 pa mwezi pa foni kwa akuluakulu onse m'midzi ina kwa zaka 12. Ena mwa iwo anasiya kugwirira ena ntchito n'kuyamba mabizinesi awoawo.

Chovuta chenicheni ndi ndalama zake. Masamu ake ndi awa: chiwerengero cha olandira, kuchulukitsa ndi ndalama ya pa mwezi, kuchulukitsanso ndi 12. Dziko la akuluakulu 10 miliyoni likamapereka madola 20 pa mwezi lifunika madola 2.4 biliyoni pa chaka. Zoyesa za m'midzi yochepa sizitiuza kuti ndalama zotere zichokera kuti, poti zinalipiridwa ndi opereka thandizo kapena boma kwa kanthawi chabe. Anthu a ku Switzerland anakana ganizoli pa voti ya 2016, ndipo mtengo wake unali umodzi mwa mfundo zazikulu za okana.

Magwero odalirika ndi msonkho, phindu la chuma cha pansi pa nthaka, kapena kuchotsa sabuside ya mafuta, yomwe kawirikawiri imapindulira kwambiri eni magalimoto. Iran inatsata njira yomalizayi mu 2010, koma ndalama yoperekedwa inakhala yosasintha kwa zaka zambiri pamene mitengo ya zinthu inkakwera kwambiri, mpaka inasanduka kandalama kosagula kanthu. Choncho lamulo lokhazikitsa ndondomekoyi liyenera kunena poyera kuti ndalamayo izikwezedwa chaka ndi chaka molingana ndi kukwera kwa mitengo, komanso kuti boma lisasindikize ndalama zatsopano pofuna kulipira, chifukwa kutero n'komwe kumakwezanso mitengoyo.