Bonongwe Wam'munda ndi Soda Wam'poto

Mvula ikakhazikika mu Disembala, minda ya kuno ku Thyolo imapatsa ndiwo zomwe palibe anazigulira mbewu. Bonongwe amamera pamene panali khola, chisoso m'mbali mwa mizere, luni kuseri kwa nyumba. Pakati pa chimanga pali nkhwani, khwanya ndi chitambe. Malo athu ndi ochepa, minda ya tiyi inatenga gawo lalikulu, choncho masamba amenewa ndi chuma chenicheni. Pa ntchito yanga ya ulangizi wa kadyedwe, chimene chimandiwawa n'chakuti ubwino wake wambiri umatayika pakati pa munda ndi mbale.

Kuthyola kukhale kwa m'mawa, dzuwa lisanafotetse masamba. Bonongwe musamuzule ndi mizu pokhapokha mukupatulira; tsinani nsonga, aphukanso nthambi ndipo mudzathyolanso. Nkhwani tengani masamba anthete ochepa pa phata lililonse kuti maungu asakwinimbire. Mukafuna chiluwe, sankhani maluwa aamuna, aja opanda kadzungu kunsi kwake, koma musawamalize chifukwa njuchi zimawafuna kuti maungu abereke. Ngati munapopera mankhwala pa tomato ali pafupi, dikirani masiku olembedwa pa botolo.

Tsukani masamba musanawadule. Mukadula kaye n'kutsuka, vitamini C amapita ndi madziwo.

Tsopano nkhani ya soda. Ndikudziwa chifukwa chake amayi amamukonda: nkhwani imafewa msanga, imakhala yobiriwira bwino, nkhuni sizitha zambiri. Ndi zifukwa zomveka, makamaka kuno komwe nkhuni ndi zosowa. Koma soda, ngakhalenso chidulo cha phulusa, amawononga vitamini C ndi vitamini B1. Ndiwo imaoneka yokongola m'mbale pamene mbali ina ya mphamvu yake yapita. Masamba anthete safuna soda n'komwe. Nkhwani mukaisadzula bwino, n'kuiika m'madzi ochepa owira kale, n'kuvundikira, imapsa m'mphindi zochepa. Madzi otsala m'poto asatayidwe, ndiwo msuzi wake. Pa therere sindikakamiza, pakuti ambiri sangalidye popanda chidulo. Ndimangopempha kuti chikhale chochepa, ndipo therere lisakhale ndiwo ya masiku onse.

Agogo athu potendera masamba ankachita zanzeru. Chimene thupi limasandutsa vitamini A m'masamba obiriwira chimalowa bwino pakakhala mafuta, ndipo nsinjiro zili ndi mafutawo pamodzi ndi zomanga thupi. Nsinjiro zikasowa, kasupuni ka mafuta ophikira kakwanira, kapena peyala pambali nyengo yake ikafika. Tomato thirani chakumapeto. Vitamini C wake amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'bonongwe ndi luni, amene amafunika popanga magazi, makamaka kwa amayi oyembekezera ndi ana. Ndipo ngakhale tili kwawo kwa tiyi, kapu ya tiyi idikire ola limodzi kapena awiri mutadya, chifukwa tiyi amatchinga ayironiyo kulowa m'thupi.

Chigwada chokha ndicho chili ndi lamulo lina. Masamba a chinangwa ali ndi poizoni wachilengedwe, motero asinjeni bwino mumtondo, muwawiritse mokwanira poto ali wosavundikira kuti poizoniyo atuluke ndi nthunzi. Apa musafulumire.

Pofika Febuluwale ndi Malichi masamba amachuluka moti pa msika wa Bvumbwe kapena Luchenza mtengo umagwa. Imeneyo ndiyo nthawi yofutsa. Viikani chitambe kapena nkhwani m'madzi owira mphindi ziwiri kapena zitatu zokha, kenako yanikani pa thandala, pamthunzi podutsa mphepo, osati pansi pomwe nkhuku zimapalasa. Dzuwa lamphamvu limaumitsa msanga koma limawononga vitamini A, ndipo mfutso wake umatuwa. Mudziwa kuti wauma mukaufinya n'kufumbutuka m'manja. Sungani m'chikwatu kapena m'chigubu chotseka bwino, pamalo ouma. Kwathu kuno chitani zimenezi chiperoni chisanayambe, chifukwa chinyezi cha mu Juni chimachititsa nkhungu mfutso wosauma bwino, ndipo woterowo ngwotaya basi.