Mafuta okazingira kale mu injini ya dizilo: muziona izi musanagule zida

Chiyambire mavuto a dizilo aja, anthu ambiri amene amabwera pagalaja pathu ku Luchenza kudzafuna masipeya akumafunsanso za zida zosefera mafuta ophikira ogwiritsidwa kale ntchito, makamaka eni zigayo ndi ena a malole akalekale. Ine ndimagulitsa masipeya a kaunjika ndipo zida zimenezi zimandidutsa m'manja, nde ndati ndifotokoze bwinobwino poti ena akugula zinthu zoti ziwaphera injini.

Zoti injini ya dizilo imayenda ndi mafuta a mbewu ndi zoona, mu 1900 ku Paris anaonetsa injini ikuyenda ndi mafuta a mtedza. Vuto ndi loti mafuta ophikira ndi olemera, ndiye kuti sayenda msanga ngati dizilo, akakhala ozizira amaposa dizilo kulemera kokwana ka 10 kapena kupitirira apo, nde pampu ya dizilo imavutika kuwakankha ndipo ma nozo sawapopera bwino, mapeto ake samapsa onse, amasiya makala pa nozo ndi pa ma ring'i. Kuti apepuke amafunika atenthe kufika madigiri 70 kapena 80 asanalowe mu pampu. Kunoko nkhani imeneyi ndi yaikulu chifukwa June ndi July chiperoni chikagwa ku Thyolo kapena Mulanje mafuta a palm amachita kuundana mu chigubu momwemo, payipi yonse kutsekeka.

Nchifukwa chake pamafunika matanki awiri. Mumayamba kuliza injini ndi dizilo, ikatentha mumatembenuza valavu kupita ku mafuta ophikira amene atenthetsedwa ndi madzi a ku rediyeta, kenako kutatsala mphindi zingapo kuti muzimitse mumabwereranso ku dizilo kuti pampu isagone ndi mafuta olemera. Munthu akakugulitsani zida nkukuuzani kuti ingothirani mu thanki imodzi basi, ameneyo sakukufunirani zabwino.

Ndipo si injini iliyonse. Zakale zija ngati Mercedes OM617 zokhala ndi pampu ya Bosch ya mzere, kapena ma Lister oyenda pang'onopang'ono a m'zigayo, zimapirira. Pampu yozungulira ya Lucas CAV siyichedwa kuthyoka shafti ikakumana ndi mafuta ozizira. Injini zamakono zoyendera kompyuta zija za common rail zimene zadzaza pamsewu masiku anozi musayerekeze nkomwe, ma injector ake mtengo wake mukhoza kugulira dizilo wa miyezi.

Pogula zida zakale, choyamba suzumirani mkati mwa mgolo ndi tochi. Mgolo wa galvanaizi ukaneni, chimodzimodzi mapayipi a kopa, chifukwa zinki ndi kopa zimafulumizitsa mafuta kuwonongeka nkusanduka zonanda zimene zimamata mu fyuluta. Pulasitiki yolimba ija ya migolo ya buluu kapena chitsulo wamba zili bwino. Ma hozi a labala muwafinye ndi zala, akakhala ofewa, otupa kapena akutuluka thukuta kunja ndiye kuti atha, ndipo ine ndimati hozi ndi fyuluta gulani zatsopano, za kaunjika zikhale mgolo, thanki, valavu, pampu yokokera ndi chotenthetsera. Chotenthetseracho chiyeseni pomwepo, tsekani mbali imodzi, ikani mpweya mbali inayo nkuchimiza mu ndowa ya madzi, thovu likatuluka chisiyeni chifukwa chizikasakaniza madzi a rediyeta ndi mafuta.

Koma chimene chimapha mapampu ambiri ndi madzi amene ali m'mafutamo. Mbatata ya tchipisi imasiya madzi, mchere ndi zinyenyeswa, nde mafutawo amafunika akhale mu mgolo sabata ziwiri kapena kuposa osagwedezeka kuti zonse zidikhe pansi, mutunge apamwamba okha, musefe ndi nsalu kenako ndi fyuluta ya timabowo tating'ono kwambiri ya ma micron 5. Fyuluta siyichotsa madzi amene asakanikirana ndi mafuta, apa nde pamene ambiri amapusitsikira. Tenthetsani chiwaya, dontheziranipo supuni imodzi ya mafutawo, akathetheka kapena kutulutsa tinthovu ndiye kuti madzi alimobe, abwezereni mu mgolo muwatenthetse pang'ono adikhenso. Oyilo wa mu injini nayenso muzisintha msanga kuposa kale poti mafuta ophikira akamatsikira mu sampu amamulimbitsa.

China chimene ndimawafunsa anthu asanatulutse ndalama nchoti mafutawo muziwatenga kuti. Anyamata a chiwaya pa Chitakale, Limbuli kapena Bvumbwe sataya mafuta, amangothirira ena pamwamba mpaka ade bii, ndipo otsalawo amakhala owawasa oti amadya zitsulo za pampu. Abwinoko amapezeka m'malo ogona alendo ndi m'malesitilanti amene amasintha mafuta pafupipafupi, nde pitani kaye mukagwirizane nawo, muwerenge malita amene angakupatseni pa mwezi, muyerekeze ndi amene chigayo chanu chimamwa. Ndipo ngati mukuganiza zomagulitsa mafutawo kwa anthu ena, yambani mwafunsa ku MERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi, za chiphaso.