Kukonza desktop pa kompyuta yatsopano ya Linux: mafunso ndi mayankho

Kodi desktop environment n'chiyani kwenikweni?

Ndi zonse zimene mumaona mukangolemba pasiwedi: mawindo, menyu, kamzere kokhala ndi wotchi ndi chizindikiro cha batire, pulogalamu yotsegulira mafayilo ndiponso malo a Settings. Pa Windows ndi macOS zimabwera zoumbidwa kale. Pa Linux mumasankha nokha, ndipo mukatopa nayo mutha kuisintha mafayilo anu osawakhudza n'komwe.

Nanga ndisankhe iti?

Zikuluzikulu ndi ziwiri: KDE, imene Matthias Ettrich anaiyambitsa mu 1996, ndi GNOME, yomwe inatsatira mu 1997. Mwa mitundu ya Linux, Ubuntu imabwera ndi GNOME kuyambira mu 2017, pomwe Linux Mint imadziwika ndi desktop ina yotchedwa Cinnamon. Ngati mwazolowera Windows, Cinnamon kapena KDE Plasma sizikuvutani, poti batani la menyu lili pakona yapansi kumanzere, pomwe dzanja limapita lokha. GNOME imabisa zambiri. Mumadina batani la Super, lija lokhala ndi chizindikiro cha Windows, n'kulemba dzina la pulogalamu imene mukufuna. Ena amaikonda chifukwa cha zimenezi, ena zimawakwiyitsa sabata yonse yoyamba. Kompyuta ikakhala ndi RAM yochepa, musailemetse. Ikani desktop yopepuka monga Xfce kapena LXQt.

Ndiyambe ndi chiyani ndikangoyatsa?

Osati chithunzi chakumbuyo, ngakhale n'kumene ambirife timathamangira. Lumikizani intaneti, tsegulani Terminal, pulogalamu yolembamo malamulo, ndipo pa Ubuntu kapena Mint lembani sudo apt update, kenako sudo apt upgrade. Zikatha, zimitsani n'kuyatsanso. Mavuto ena amene mukanataya nawo usiku wonse, monga touchpad yosamva bwino kapena mawu osatuluka, amatha pomwepa. Ngati kompyuta ili ndi khadi ya zithunzi ya NVIDIA, pa Ubuntu pitani pa Additional Drivers muike dalaivala wake. Kenako nthawi, kiyibodi ndi sikirini. Zokongoletsa zibwere pamapeto.

Zilembo zikuoneka zazing'ono kwambiri. Nditani?

Mu Settings, pa Displays, kwezani Scale kuchoka pa 100%. Ngati 200% yakulitsa mopyola, yatsani fractional scaling kuti mupeze 125% kapena 150%. Mapulogalamu ena akale amatha kuoneka ngati ali ndi nkhungu mukatero, koma sikuti sikirini yawonongeka.

Chilembo cha ŵ ndichipeza bwanji?

Pa GNOME, lowani mu Settings, pa Keyboard, musankhe batani loti likhale Compose Key. Alt yakumanja imachita bwino poti siigwira ntchito yambiri. Ndiye dinani batanilo, mulisiye, dinani ^ kenako w, chilembocho chatuluka.

Pa Fedora, mtundu wina wa Linux wobwera ndi GNOME, mabatani otsitsira ndi kukulitsira windo sakuoneka. Apita kuti?

GNOME yosasinthidwa imangoonetsa batani lotsekera. Ikani pulogalamu ya GNOME Tweaks muyatse enawo. Mukayamba kuwonjezera ma extension, timapulogalamu towonjezera zinthu pa GNOME, musachulutse. GNOME imatulutsa mtundu watsopano kawiri pachaka, mu Marichi ndi mu Seputembala, ndipo ma extension ena amasiya kugwira ntchito mpaka eni ake atawakonza.

Kodi ndingaike ma desktop awiri pa kompyuta imodzi?

Inde. Mukalemba sudo apt install xfce4 kuti muike Xfce, pa sikirini yolowera ya Ubuntu mudzapeza kachizindikiro konga giya pakona yapansi kumanja, posankhira imene mukufuna. Koma ine sindilimbikitsa zimenezi. Menyu imadzaza ndi mapasa: zotsegulira mafayilo ziwiri, ma Terminal awiri, ndipo mitundu imene mwasankha kwina imakasokoneza kwinaku. Ngati mukungofuna kulawa, ikani Xubuntu (Ubuntu ya Xfce) kapena Kubuntu (Ubuntu ya KDE) pa flash, muyatse kompyuta kuchokera pamenepo osaika chilichonse.

Ndikasokoneza zinthu ndibwerera bwanji?

Zambiri zimene mwasintha zimasungidwa mu foda yobisika ya .config, mkati mwa Home. Pa pulogalamu ya mafayilo dinani Ctrl ndi H kuti ioneke, muikopere pa flash zinthu zikadali bwino. Muzisintha chinthu chimodzi nthawi imodzi kuti mudziwe chimene chalakwitsa. Desktop ikayamba kuchita zachilendo, pangani akaunti ina mulowe nayo. Ikayenda bwino kumeneko, vuto lili mu akaunti yanu, nthawi zambiri mu .config, ndipo palibe chifukwa choikiranso Linux yonse.