Musagule Kabuleta Musanawerenge Mpweya Umene Injini Imakoka

Munthu akasintha kamushafuti, kukuza mavavu ndi kuika ekizozi yotulutsa utsi momasuka, maganizo ake amathamangira pa kabuleta (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya) yaikulu kwambiri imene thumba lingakwanitse. Injini zambiri zokonzedwa bwino zimafookera pomwepa.

Petulo sachita kukankhidwa kuti alowe mu injini. Amakokedwa ndi mpweya umene ukudutsa pakhosi lopanikizika la kabuleta, lija amati venturi. Mpweya ukamathamanga pamenepo, petulo amayamwika kuchoka m'majeti, timabowo todutsa petulo, n'kumwazika ngati nkhungu. Khosilo likakula mopitirira, mpweya umayenda mwaulesi ndipo petulo amatuluka m'madontho akuluakulu osapsa bwino. Mukaponda moto mwadzidzidzi galimoto imayamba yatsamwa kaye, kenako n'kudzutsuka. Ponyamuka imalemera, mapulagi amada ndi mwaye, mafuta amatha msanga. Kusintha majeti sikuchiza matenda amenewa.

Saizi ya kabuleta imayezedwa ndi CFM, kutanthauza kuchuluka kwa mpweya, mu ma cubic foot, umene ungadutse pa mphindi imodzi. Tengani kukula kwa injini mu ma cubic inch, chulukitsani ndi RPM yapamwamba (maulendo amene injini imazungulira pa mphindi imodzi), gawani ndi 3456. Ngati mukudziwa malita okha, lita imodzi ndi ma cubic inch pafupifupi 61. Nambala ya 3456 ndi 1728 kawiri: mu cubic foot imodzi muli ma cubic inch 1728, ndipo silinda iliyonse imakoka mpweya kamodzi injini ikazungulira kawiri.

Injini ya V8 ya 350, imene ndi malita 5.7, pa 6000 RPM ikupereka 608. Koma nambala imeneyi ndi ya injini yodzaza masilinda ake kotheratu, zomwe sizichitika wamba. Injini yosasinthidwa imadzaza pafupifupi 80 peresenti, yokonzedwa bwino yoyenda pamsewu imafika cha m'ma 85, ndipo ya mpikisano weniweni ndi imene imayandikira 100. Pa 85 peresenti, 608 ija yatsika kufika pa 517. Kabuleta ya 600 CFM yakwana, malo n'kutsalako. Ya 750 ikufuna injini yozungulira kwambiri kuposa iyi.

Pomwe anthu amadzinamiza ndi pa RPM. Lembani liwiro limene injini imafikadi ikukoka, osati nambala yomalizira pa geji. Ngati kamushafuti yanu mphamvu zake zimathera pa 5500, kuwerengera 7000 n'kugula mpweya umene simudzaukoka.

Chenjerani poyerekeza manambala a pabokosi. Kabuleta ya makosi anayi imayezedwa pa vakyumu (mphamvu yokoka mpweya) ya mainchesi 1.5 a mercury, pomwe ya makosi awiri imayezedwa pa 3.0. Ya makosi awiri yolembedwa 500 ikufanana ndi 354 chabe pa muyeso wa ya makosi anayi. Mumagawa ndi 1.414.

Mtundu nawo uli ndi mawu ake. Pa kabuleta za makosi anayi ngati za Holley, makosi awiri akumbuyo amatsegulidwa mwina ndi vakyumu, mwina ndi phazi lanu mwachindunji. Ya vakyumu imatsegula pokhapokha injini ikafunadi mpweya, choncho imakhululuka mukalakwitsa saizi pang'ono. Ndi yoyenera galimoto yolemera kapena ya otomatiki. Yotsegula ndi phazi imafuna galimoto yopepuka, ya magiya apamanja, ndipo sikhululuka. Manifodi (njira ya mpweya kuchoka pa kabuleta kupita m'masilinda) yogawidwa pawiri imalolanso kabuleta yokulirapo kuposa yotseguka pamodzi, chifukwa silinda iliyonse imakoka kudzera theka lokha la kabuleta.

Pa injini ya masilinda anayi yokhala ndi makabuleta awiri a Weber DCOE, iliyonse ya makosi awiri, silinda iliyonse ili ndi khosi lakelake, ndiye masamu a CFM aja sathandiza kwenikweni. Chofunika ndi mphete ya venturi yam'kati, imene imachotsedwa n'kuikapo ina. Injini ya malita 1.6 yapamsewu imayenda bwino pa 40 DCOE ndi mphete za mamilimita 30 mpaka 32. Ya malita 2.0 yokonzedwa mwamphamvu imakonda 45 DCOE ndi mphete za 36.

Mukamaliza kumanga, injini yokha ikuuzeni. Lumikizani geji ya vakyumu ku manifodi, pezani malo otetezeka, pondani moto wonse mpaka RPM yapamwamba, wina akuwerengereni geji. Singano ikakhala pafupi ndi inchesi imodzi, saizi ili bwino. Ikadutsa 1.5 n'kumakwerabe, kabuleta yayamba kuitsina injini ndipo mungakwere sitepe imodzi. Majeti muwasankhe pambuyo pake, ndi geji ya mu ekizozi yoyeza kusakanikirana kwa mpweya ndi petulo: pa moto wonse mukufuna magawo a mpweya 12.5 mpaka 13 pa gawo limodzi la petulo.