Ana asukulu ndi maliro: zimene woyendetsa thiraki ayenera kuonera patali

Thiraki ikamathamanga makilomita 80 pa ola, imadutsa mamita oposa 22 pa sekondi imodzi. Dalaivala akamati asunthe phazi, yapita kale mtunda wofanana ndi kutalika kwake. Akaponda, mabuleki a mpweya amatenga kanthawi kuti agwire mpaka kumatayala a kuthirela, pomwe thiraki ndi katundu wake zikhoza kulemera matani 56. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti mabuleki aimitse galimoto umawirikiza kanayi. Pophunzitsa madalaivala ndimayambira pa masamu amenewa, chifukwa mwana wotsika basi ndi namfedwa amene akulira sayang'ana msewu. Wowayang'anira ndi dalaivala, ali patali ndithu.

Ku America basi ya sukulu ndi yachikasu. Ikaima imayatsa magetsi ofiira n'kutambasula chikwangwani cholembedwa STOP, ndipo lamulo limakakamiza magalimoto a kumbuyo kwake kuima mpaka ana atawoloka. Kwathu kuno ana amatsika minibasi wamba kapena Coaster ya sukulu, nthawi zina yopanda chizindikiro chilichonse, ndipo ambiri amangoyenda pansi m'mbali mwa M1. Palibe magetsi oti akuuzeni. Chizindikiro chanu ndi yunifolomu, nthawi yolowa ndi yoweruka, ndiponso chikwangwani cha ana owoloka.

Ngozi yeniyeni ili kutsogolo kwa basi yoimayo. Mwana akatsika amazungulira kumphuno kwa basi n'kuthamangira tsidya lina kumene kuli anzake. Iye sakukuonani, inunso simukumuona. Ndiye mukaona basi yaima ndipo mkati muli timitu ta ana, chotsani phazi pa mafuta, tsitsani giya, phazi likhale pa buleki musanaifike. Hutala musaidalire. Mwana akadzidzimuka amathawira kulikonse, ngakhale kumatayala. Pa zebra imani mtunda ulipo, chifukwa mwana wa Sitandade 1 akaima pafupi ndi bampala, munthu wokhala pamwamba m'thiraki samuona. Musananyamuke yang'ananinso galasi la kumanzere, mbali imene imabisa zambiri.

Za maliro n'zamwambo kwambiri kuposa zolembedwa m'buku la malamulo, koma sizichepa mphamvu. Masamba akaikidwa pamsewu, wapanjinga amatsika n'kumakankha, wachipewa amavula, wagalimoto amachepetsa liwiro ndi kutseka wailesi. Chovuta n'chakuti masamba omwewo amaikidwanso ndi madalaivala amene galimoto yawafera, m'malo mwa mathirayango amene lamulo limafuna. Khalidwe limeneli limandinyansa, makamaka poti ambiri akakonza galimoto amasiya nthambizo pamsewu, mpaka ena anazolowera kungoziponda. Komabe inu musataye nthawi kuganiza kuti ndi maliro kapena ayi. Kaya kutsogolo kuli adzukulu atanyamula bokosi, kaya kuli lole yofa pakona, yankho ndi limodzi: chepetsani.

Anthu akamawoloka msewu kupita kumanda, imani, yatsani mahazadi kuti wakumbuyo adziwe, mudikire mpaka gogo womaliza atadutsa. Musalize hutala, musakuwitse injini.

Mdipiti wa magalimoto a maliro ndi umene umayesa mtima. Umayenda pang'onopang'ono, lole ya kutsogolo ili ndi bokosi ndi amayi oimba nyimbo atakhala m'mphepete, ndipo inu mwachokera ku Beira, bwana akuimba foni kufunsa kuti katundu afika liti ku Kanengo. Musadule mzerewo. Thiraki yaitali chonchi ikayamba kupitirira magalimoto angapo otsatana, ilibe mpata wobwererera kumanzere kukatulukira basi kutsogolo. Polowa mokakamiza, thirela imakankhira kunja lole yodzaza anthu osamangirira lamba. Magalimoto a maliro amathanso kukhota mwadzidzidzi kulowa kanjira ka kumudzi, woyamba yekha ndiye wapereka chizindikiro. Siyani mpata waukulu, mupitirire pokhapokha iwo atapatuka kapena atakupatsani njira pamalo ooneka patali.

Wogunda munthu pamalo ngati amenewa amakayankha mlandu woyendetsa mosasamala pansi pa lamulo la Road Traffic Act, ndipo apolisi akhoza kumufunsa za liwiro limene anali nalo pamene ankadutsa chikwangwani kapena masamba aja.